Njira Zagona ku Namwera

Ndinafika ku Namwera mu Febuluwale,
wa kabaza n'kunditula pa chipata
matope ali m'maondo.
Pa loji panalibe galimoto ngakhale imodzi.
Mipando ya nsungwi inali pakhonde, miyendo m'mwamba,
thadzi likufungatira mazira
m'mbaula yowotchera nyama ya alendo.

Che Ndembo, mlonda, anatuluka atafunda thumba la feteleza.
Ndinawaonetsa mapu anga,
mizere itatu yofiira yokwera phiri.
Anawatembenuza, n'kuwatembenuzanso.
"Achimwene, njirazi zagona.
Zimadzuka mu Juni, tikamweta udzu.
Wolondolera alendo ali kumunda, akubandira."

Ndinapitabe.
Pa chikwangwani choyamba chiswe chinadya muvi
n'kusiya mawu okha: makilomita anayi.
Anayi kulowera kuti?
Tsekera anandipitirira mutu,
mame akulowa m'khosi ngati ali kwawo.
Pa kamtsinje komwe mapu sakukadziwa
linthumbu linandikwera m'buluku,
ndinavina popanda ng'oma,
anyani ali pathanthwe, osaomba m'manja.

Kenaka nkhungu inatsika
n'kumeza phiri lonse, ndi ine ndemwe.

Wina anatsokomola.
Mayi wopanda nsapato, dengu pamutu,
Abiti Mkwepu, anatero dzina lake.
Anayang'ana nsapato zanga zodula, osanena kanthu.
"Mukufuna njira iti?
Ya alendo, kapena yathu?"

Yawoyo sikwera.
Imachoka pa msuku kupita pa mombo,
imazungulira chulu, imabwerera pomwe yadutsa kale,
imawerama.
Apa utale wotambalala ngati lichero,
apo tofiira tobisala m'masamba owola,
uyu musakhudze, uyu adagoneka banja lonse chaka chatha.
Ndinaphunzira kuyenda maso ali pansi,
ine amene ndinabwerera za kumwamba.

Pansonga sindinafike.
Azana ya masana itakwera kuchokera kumsika,
yonyowa, yoduka ndi mphepo,
tinaitsatira potsika ngati chingwe.

Che Ndembo anatsegula buku la alendo.
Dzina lomaliza linali la mu Novembala,
cholembera chinayamba chakana.
"Mwaliona phiri?"
Ndinaika patebulo phukusi langa:
bowa wa Abiti Mkwepu, wokulungidwa m'mapu.
Pepala linali litafewa,
mizere yofiira ija itasungunuka,
njira zonse zitatu
zitamatirira pa chipewa cha utale.

Anatuma mwana kukagula tomato.