Disiki Yachiwiri

M'kachipinda kuseri kwa famase,
pachipatala cha Mangochi boma,
seva imang'ung'udza ngati njuchi zamumphako.
Yasunga mayina a odwala
ndi tsiku loti aliyense adzatengenso mankhwala.

Lachitatu, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo,
kanyali kamodzi kanafiira.
Disiki yafa.
Inzake, imene inkakopera zonse mwakachetechete,
inangosenza katundu yense.

Twaibu anafika pa kabaza, thukuta lili kamukamu,
anazula yakufayo makina ali chiyakire,
nalowetsa yatsopano.
Fumbi la pafani analichotsa ndi mswachi wakale.

Panja mzere unkayendabe.
Mayi wa ku Malindi analandira mapiritsi ake
akudandaula za mtengo wa matola basi.
Palibe amene anadziwa kanthu.

Twaibu anasamba m'manja,
nafunsa ngati tiyi watsalako.