Thanki ya Malita Makumi Awiri

Ndinagona pamzere wa petulo pa Kanjedza usiku uwiri,
jekete ndiye bulangete,
ndipo nditafika kutsogolo
thanki inakhuta ndi malita khumi okha, n'kuyamba kulavula.
Chigubu anakana.
Lachinayi ndinalinso pamzere womwewo,
kumbuyo kwa minibasi yomweyo.

N'chifukwa chake lero ndili ku Ndirande,
kuseri kwa osula mbaula,
kwa a Namakhwa, amene chala chawo chimodzi
chinatsala mu tcheni cha njinga ya eni.

Iwo salonjera munthu, amalonjera njinga.
Aisisita, aigogoda ndi sipanala:
"Kamimba aka n'ka mwana wasukulu."

Thanki yatsopanoyo si yatsopano.
Inachoka panjinga ina imene sindifunsa nkhani yake.
Ndi yofiira, pomwe njinga yanga ndi yabuluu,
ndipo pambali pake pali chomata cha timu imene sindiikonda.
Athiramo timiyala ndi palafini,
aikhutchumula ngati chisekese,
dzimbiri lituluka ngati tiyi wopanda mkaka.

Chishalo pansi. Mabawuti m'chitini cha majarini.
Atseka kampopi, azula paipi,
Jafali, mnyamata wawo, atchera botolo
osaphethira, ngati akukama ng'ombe ya ngongole.

Sindinaionepo chonchi njinga yanga:
msana wokhawokha, mawaya ngati mitsempha,
nkhuku yososola nthenga.
Ndayang'ana kumbali.

Mabowo sakugwirizana. Pasiyana chala chimodzi.
A Namakhwa sadabwa:
"Mkamwini sakwana pakhomo tsiku lofika."
Acheka kachitsulo ka bedi lakale,
akapinda, akayeza, akapindanso.
Pomwe ati awotcherere, magetsi thii.

Tikhala.
Mayi wa mandasi adutsa kawiri.
Kumsewu anzanga akunyamula anthu anga,
ndikuwawerenga ndi khutu: uyo wa ku Makata, uyo wa mutauni.
Dzuwa litapendeka wailesi ya wometa idzuka yokha.
Jafali athamangitsira botolo kutali,
moto wabuluu uthetheka, titseka maso.

Pansi pake ayala mphira wa tayala kuti isamalire m'mabampu.
Yakhala.
Koma ndikakhotetsa kwambiri, chiwongolero chikuigunda.
"Uphunzira kukhota mwaulemu," atero.

Ndalipira. M'thumba mwatsala makiyi.
Jafali abwezera petulo wanga uja,
malita awiri osakwana,
ndipo ndamumva akugwera kutali, pansi penipeni,
ngati mwala m'chitsime cha mu Okutobala.

Thanki yakale aiika pambali pa khoma.
Pamwamba pake utoto unatha malo awiri,
pomwe Ndaziona amagwira m'mawa uliwonse
ndikamamusiya ku sukulu ya mkaka.
Ati andichotsera mtengo ndikaisiya.
Ndaimanga kumbuyo ndi mphira, sindinayankhe.

Pokwera mtunda wa ku Bangwe
mawondo anga atalikirana ngati ndakwera ng'ombe.
Pasiteji anyamata aimirira:
"Yatenga pakati! Mwini wake ndani?"
Ndaseka nawo. Ndayamba kale kuona Zomba,
Thyolo, ngakhale Mwanza, kupita n'kubwera osapempha pampu.

Kunyumba Ndaziona wakwera, wayesa.
Miyendo yake siikufika mbali zonse.
Wagogoda ndi chibakera, yayankha kuti guu.
"Ababa, mulibe kanthu umu."

Amake ayang'ana njinga, ayang'ana ine,
afunsa ngati thanki imabwera ndi mafuta ake.

Mawa folo koloko ndidzaikankha mpaka pa Kanjedza
kuti ndisawononge dontho.
Ndidzaima kumbuyo kwa minibasi ija
ndi malo a malita khumi ndi asanu ndi atatu
pakati pa mawondo anga,
ndikuwerenga zomwe mlamu wandibwereka,
zokwana malita asanu ndi limodzi.