Yankho Lochokera ku Katete

Mlongoti ndi nsungwi ya ku Msekera,
ndaumangirira kumtengo wa mango ndi malegeni.
Waya walowera pazenera
mpaka kuseri kwa kompyuta yakale
imene mphwanga anati nkataye kudzala.

Usiku wachitatu. Mchini yonse yagona,
wailesi ikungosefa mchenga.
Chala chapsa ndi mtovu.
Ndasinthanitsa mawaya awiri,
ndalembanso dzina langa la pamphepo,
kani chilembo chimodzi chinatsalira.

Kenaka kulira kwakufupi,
ngati nkhululu yatsamwa.
Mawu oduka tizidutswa adumpha phiri la Mphangwe,
adzalumikizana pagalasi langa:
"Yotamu, ndakumva. Kuno mvula yayamba."

Zelipa atembenuka pabedi:
"Foni ilipo, bambo."

Ilipodi.
Koma njira iyi ndalambula ndekha.