Mipando ya m'Thanki

Ola lachiwiri usiku, pampope wa tauni yathu
kumwera kwa Valencia,
komwe malalanje amamwa feteleza
ndipo zitsime zimamwa zotsala.

Thanki yachitsulo ndi yaitali kundiposa kawiri.
M'kati mwake muli timikanda ta utomoni,
tachikasu ngati mazira a nsomba,
kalikonse kali ndi mipando
yomwe diso silinaionepo.

Batiste Ferrandis, amene anandiphunzitsa ntchitoyi
msana usanamukhazike pakhomo, ankati:
Empar, usamati thanki imasefa.
Siisefa ayi. Imasinthanitsa.

Poyamba pampando pamakhala kuloraidi,
mwana wa mchere, wogwira mofooka.
Akafika naitireti ndi madzi a m'chitsime
amangomugunda phewa, iye n'kunyamuka,
n'kutsetsereka m'mipope ya anthu osapweteka munthu.
Zikanathera pamenepo bwenzi ndili mtulo.

Koma m'madzi omwewo mumabwera salifeti,
wa manja awiri.
Naitireti ali ndi dzanja limodzi.
Salifeti sakalipa, sathamanga,
amangogwira mipando iwiri nthawi imodzi,
wokhalapo n'kupezeka waima.
Amatsika pang'ono, n'kupeza mpando wina m'munsi.
Mawa amuchotsanso.
Mkuja amuchotsanso,
mpaka pansi penipeni pomwe palibenso kotsikira.

Bambo anga anali ndi munda umodzi wa malalanje.
Kampani inagula wa kumanja, inagulanso wa kumanzere.
Palibe anawathamangitsa.
Anamwalira m'chipinda cha lendi, pamwamba pa garaja.

Lole ya mchere sinabwere Lachiwiri.
Lachitatu akuti pepala la malipiro silinasainidwe.
Ine ndinati thanki ipirira usiku winanso umodzi,
ndinanena ndekha, palibe anandiuza.

Tsopano singano ya mita yanyamuka.
Analowa makumi asanu ndi limodzi,
akutuluka makumi asanu ndi anayi!
Onse amene ndinawasunga masiku asanu ndi atatu
akutulukira pakhomo limodzi, okankhidwa,
ochuluka kuposa mmene chitsime chinawatumizira,
ndipo khomolo likuloza kukhitchini za anthu.

Neus Alabau ali ndi khanda la masabata asanu.
Mabere anauma. Amadzuka ola lachinayi
kusungunula mkaka ndi madzi a pampopi.
Batiste anaonapo kamodzi, kalekale,
milomo ya khanda itachita bii ngati yanyambita inki.
Sanafune kusimba kawiri.

Gudumu lotsekera madzi ndi lolimba, lazizira.
Ndapotoza ndi manja anga awiri onse,
kasanu ndi kawiri, mpaka mpope wati zii.
Cebrià wophika buledi aimba foni posachedwa,
ufa uli m'beseni, pampopi pouma,
anditukwana ine ndi makolo anga omwe.
Atukwane.

Lole yafika dzuwa litakwera kale,
dalaivala akutafuna sangweji, alibe nazo kanthu.
Matumba makumi anayi. Ndang'amba ndi mpeni,
ndasungunula mpaka madzi akana kulandira wina,
ndatsegulira m'thanki.

Wofooka uja wabwerera ndi mtundu wake wonse.
Mmodzi sangasunthe salifeti,
koma akamafika chikwi pampando umodzi,
wina pambuyo pa wina, osaleka,
dzanja loyamba limatayirira,
lachiwiri n'kutsatira.
Mphamvu zake zikadalipo, sizinachepe,
angomuchulukira.

Zonse zatsikira m'ngalande, zamchere, zofiirira,
kupita kudziwe lomwe lole ina idzapopa,
kukataya kwina komwe sindinafunsepo.
Palibe chafa. Zangosamuka.

Ndalemba m'buku: madzi atsegulidwa masana,
singano yabwerera pa makumi awiri.
Pamzere wa chifukwa ndalemba dzina langa.
Zala zikuwawa m'ming'alu momwe mwalowa mchere,
ndipo pamwamba pa thanki, ndikudziwa,
woyamba wa manja awiri wapeza kale pokhala.