Mayi Wowerenga Mtsinje

Kusanayere, Morzina ali kale pagombe,
nsalu yanyowa m'mphepete,
foni ili m'jumbo, jumbo ili pachifuwa.
M'madzi a Jamuna muli mzati wopaka penti,
pofiira, poyera, pofiira,
ndipo ntchito yake ndi kuufunsa mzatiwo:
usiku wathawu mtsinje wafika pati?

Sukulu anailekeza kalasi yachitatu
koma manambala amawadziwa nkhope.
Amawerama, kupukuta ndere ndi chikhatho,
kudikira funde lidutse kuti lisamunamize,
kenako chala chachikulu:
wani, seveni, kadontho, folo.
Zapita.

Kumene zimapitako sanafikeko.
Amangomva kuti ku Dhaka, m'chipinda chozizira,
makina amaphatikiza nambala yake
ndi ya bambo wina wa kumtunda
ndi mitambo imene setilaiti yaona ku Assam,
n'kubala mawu.
Mawuwo amaliza mafoni a anthu a kumunsi:
dulani mpunga ngakhale sunache,
kwezani mbuzi, mangirirani mbewu kudenga,
madzi afika Lachinayi.

Kale madzi sankachita odi.
Chaka chimene anatenga mlamu wake Jobbar
pamodzi ndi ng'ombe imene ankaimasula,
anthu anadzidzimuka mphasa zikuyandama.

Malipiro ake? Musafunse.
Mafuta ophikira amatha mwezi usanathe.
Kasola ka padenga kamatchaja foni
pokhapokha kumwamba kukalola,
ndipo mu Julayi kumwamba kunakana masiku asanu.
Batire inatsala kamzere kamodzi, kowonda ngati udzu.
Anaizima.
Ankaiyatsa nambala ili kale pamlomo,
kutumiza, kuzimanso.
Mwana wake Shiuli, wosoka malaya ku Gazipur,
anaimba kakhumi, anaimba akulira,
koma foni inali chete m'jumbo
kusungira mpweya anthu osawadziwa.

Pali chimene mzati sunena.
Umanena kukwera kwa madzi,
sunena gombe limene ligumuke.
Usiku wa Lachitatu nthaka inang'aluka kuseri kwa khola,
ming'alu yolowa mkono,
ndipo Morzina ndi anansi anazula nyumba,
lata ndi lata, msomali ndi msomali,
kachinayi m'moyo wake.
Mtengo wa mango anausiya.
Pofika m'bandakucha unali utapita ndi malo ake omwe.

M'mawa womwewo anabwereka bwato.
Mzati unatsala mutu wokha.
Wani, eyiti, kadontho, naini.
Chala chinkanjenjemera, anabwereza kawiri.

Madzi ataphwa, matope atauma n'kuchita mamba,
pamsika panafika munthu wa ndevu zofiira ndi hina,
maungu awiri m'thumba,
akufunsa za mayi amene amawerenga mtsinje.
Ana anamulondolera ku mchenga watsopano
kumene malata akale anaima mopendama.
Ndine Mofiz, anatero, ndayenda tsiku lonse pa bwato.
Mpunga wanga ndinadula wosacha
koma ndinadula.
Mayi anga ndinawakweza pa msewu Lachitatu masana,
mapazi awo sananyowe.

Morzina anasowa poika maso.
Ine ndimangoyang'ana mzati, anatero.
Mwina inali nambala ya munthu wina.
Mofiz sanatsutse.
Anaika maungu pansi, anamwa madzi, anapita.

Dzungu limodzi anadya ndi anansi amene anamuzulira nyumba.
Nthanga anayanika pa lata
n'kuzibzala mumchenga umene mtsinje wabweza,
umene udzautenganso, chaka chino kapena cha mawa,
iye akudziwa.
Madzulo kasola kanakhuta dzuwa,
timizere tonse tinadzaza,
ndipo anaimbira Shiuli.
Anakalipiridwa nthawi yaitali.
Anamvetsera, osadula,
diso lili ku mzati
umene unali kuonetsanso miyendo yake yofiira.