Mayadi Asanu ndi Atatu

Anafika Lachiwiri, mvula ikukwapula mawindo a ku Dingwall,
wamtali ngati pholo la magetsi, mapewa ali chonyowa,
atakwapatira phukusi m'khwapa.
Dzina? Torquil.
Chiwongo? Apo anayang'ana nsapato zake.

Ndasoka makiliti zaka makumi atatu ndi zinayi.
Ndimamudziwa mwamuna wodzayesa chiuno
ndi wodzayesa china.
Ndinamukankhira buku la zidutswa za nsalu,
lolemera ngati mwana wa nkhosa.

"Ukwati ndi mu Juni.
Pachikalata cha kubadwa analembapo Lamont."
Ndinatsegula pa Lamont: kubiriwira, buluu, kuda,
kamzere koyera kakudutsa ngati chisanu pamsewu.
Anakasisita ndi chala chimodzi
monga tisisitira galu wa eni.
"Munthuyo ndinamuona kawiri.
Kachiwiriko anali m'bokosi."

Ndiye anamasula phukusi lija.
Fungo la mankhwala a njenjete linadzaza shopu.
Kiliti ya a Gunn, mzere wofiira utasuluka ngati dzimbiri,
lamba wina woduka, wolumikiza ndi chingwe cha ukonde.
"Ya Hector. Anandipeza ndili ndi zaka zisanu.
Sanandiuzepo kuti ndizimutchula bambo.
Ankangondidzutsa kusanache kukavuula mono za nkhanu,
n'kumandiuzira mpweya m'manja zala zikauma.
Koma azakhali akuti chibale ndi fupa, sichiola,
akuti kuvala mizere ya eni
ndi kuba mpingo ukuona."

Sindinayankhe. Telala sagamula milandu.
Ndinangotambasula tepi.
Hector anali wamfupi, wa mimba yake;
uyu chiuno cha mavu, mawondo kutali.
Ndinati, sindilonjeza. Nsalu simera.
Bwerani pakatha milungu iwiri.

Usiku ndinaiyala pathebulo pansi pa nyali.
Kiliti ndi mayadi asanu ndi atatu a ubweya,
koma ooneka ndi ochepa;
ambiri amabisala m'mipindiro yakumbuyo,
kumene mwini sapenya.
Ndinasomola ulusi umodziumodzi.
Munagwa mchenga, njere ya mpunga wa ukwati wina,
kachidutswa ka tikiti ya gule wa ku Lybster.
M'kati mwa mipindiro mtundu unali ukadali wamoyo,
kufiira kwake ngati anaomba dzulo.

Chinandidabwitsa ndi mpendero.
Kiliti ya mwamuna wamkulu sitiipinda kunsi,
koma iyi anaipinda, mainchesi anayi athunthu,
kulemera konseko munthu n'kumayenda nako
kumaliro, kumaukwati, zaka makumi awiri.
Ndinatukwana telala mnzanga wosamudziwa,
mpaka nditamatula kansalu kakuda ka m'chiuno.
Pachinsalu cholimba chamkati, ndi pensulo,
dzanja la telala uja:
"Bambo Gunn akuti osadula.
Akuti mnyamata adzatalika."
Pansi pake chaka.
Ndinawerenga ndi zala. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Ndinazimitsa simbi, n'kukhala kaye.
Tiyi anazizira.

Mpendero ndinautsitsa, wonse.
Mzere wa pomwe unapindika sunafune kuchoka,
nthunzi kanayi, nsalu yonyowa, ukadalipo mpaka lero,
ukuoneka ukapenya cham'mbali.
Chingwe cha ukonde ndinachisiya.

Atabwera anaima pagalasi, masokosi ali m'maondo,
nsalu ikukhudza pamwamba pa bondo ndendende.
Anati, mwachita matsenga.
Ndinati, mundipatse ya ulusi ndi ya maso anga basi.
Anafunsa ngati tayi wa Lamont tili naye,
wa azakhali, kuti mtima ukhale pansi.
Ndinamukulungira.

Za pensulo zija sindinanene.
Pakamwa panga m'podzaza mapini kuyambira utsikana.
Koma ngodya ya kansalu kakuda kaja,
ine amene sindisiya ulusi ukulendewera,
ndinaigwiriza ndi misoko itatu yokha.
Akavina kawiri katatu, idzamatuka.