Kanyali ka m'ngolo

Ndinafika ku Chawama teni koloko itapita kale,
msana ukulira ngati chitseko chosowa mafuta.
Kuchokera ku Chongwe, mabokosi makumi atatu a matimati,
m'ngolo ya alamu anga a Yotamu
imene pamtsetse imakankha m'malo mokokedwa.
Ndinazimitsa injini, ndinazula kiyi.
Chingwe chija chakuda, chonenepa ngati chala chamanthu,
chomangirira ngolo ku mtima wa galimoto,
ndinachiona, sindikana,
ndinangoti, mawa.

Magetsi anali atapita kuyambira masana.
Komboni yonse bii,
jenereta ya kubala yokha ikutsokomola patali.
Ndinagona nsapato imodzi ili kuphazi.

Folo koloko, nthawi imene msika wa Soweto umadzuka,
amayi opikula akumanga ndalama kunsonga za zitenje,
ndinapotoza kiyi.
Tche.
Ndinapotozanso, ndikuinyengerera ngati munthu.
Tche, tche.
Kenaka zii.

Batire ya mwezi wa Epulo womwewu,
ngongole yake sinathe n'komwe!
Ndinatukwana mnyamata wa ku Kamwala amene anandigulitsa,
ndinatukwana alamu ndi ngolo yawo yomwe,
ndinamenya boneti mpaka galu wa a neba anandiyankha.

A Lazalo Mbewe, makaniko wa kuseri kwathu,
anabwera mswachi uli m'kamwa, thawulo m'khosi.
Boneti sanaikhudze.
Anazungulira kumbuyo, anawerama,
anagwira chingwe chija ndi zala ziwiri
monga agwirira mchira wa khoswe wakufa.
“Ngolo sigona, achimwene.
Inu mugona, galimoto igona,
iyo ikungoyamwa mwakachetechete
ngati nkhupakupa kukhutu kwa galu.
Koma usiku umodzi wokha? Pali chinayaka m'katimu.”

Tinatsegula chitseko cha ngolo.
Kanyali ka kudenga kanali kakuphethirabe,
kofiira, kolefuka, ngati khala lotsala m'mbaula.
Pansi pake, pakati pa mabokosi,
pamalo pongokwana mwana wopinda miyendo,
panali pensulo yotafunidwa kumutu,
buku la masamu lotsegula,
ndi juzi yanga yakale ija ndinkaifuna mwezi wonse.

Tisiyenji anaima pakhomo,
yunifolomu ili m'manja, maso ali psuu.
“Kandulo inatha, atate.
Mayeso ndi Lachiwiri.
Ndimati ndiyatse pang'ono chabe,
ndiye ndinasinza.
Nditadzidzimuka ndinathawira m'nyumba, ndinaiwala kuzimitsa.”

Ndinatsegula pakamwa.
Mkwiyo ndinali nawo wokwana,
wa mafuta, wa ngongole, wa msewu wa Chongwe,
koma unachita ngati injini:
tche,
kenaka zii.

A Lazalo analavula thovu pambali,
anapita kukadzutsa dalaivala wa minibasi.
Mawaya awiri, wofiira ndi wakuda,
makwacha makumi asanu ochotsera manyazi,
galimoto inatsokomola, inavomera.

Ku Soweto ndinafika dzuwa lili pamutu pa mashedi.
Opikula anali atakhuta kale.
Otsalawo anafinya matimati anga ndi chala,
anatchula mtengo osandiyang'ana kumaso.
Ndinalola. Matimati sadikira kuti mtima ukhale pansi.

Pobwerera ndinaima pa Kamwala.
Mnyamata uja ndinamutukwana ali kutali
anandigulitsa kanyali koyendera dzuwa,
anandichotserako makwacha khumi,
sanadziwe chifukwa chimene ndinamugwira chanza kawiri.

Tsopano madzulo aliwonse ndimazula chingwe,
ndimachikulunga, ndimachikoleka pamsomali.
Ndaphunzira.
Komabe usiku wina magetsi akapita
ndimasuzumira pawindo, kuyang'ana kumene kuli ngolo.

Buku lija ndinalisunga.
Patsamba la makumi anayi, pamasamu ogawa,
pali chidindo cha chala chaching'ono,
madzi a tomato atauma,
ndipo samu yomaliza inalekera pakati,
pamene tulo tinamupeza mwana wanga
batire yanga ikumuunikira.